Gitala Imene Inagwira Morris

Akonzi ndi inu owerenga, dzina langa ndine Elson. Ndakalamba, zala zanga zinauma, moti cholembera ndikuchigwira ngati khasu. Nkhaniyi ndi ya mkazi wanga Esteri, ndi mmene dzina lake linaipira pa ukwati wa anthu ena. Ine ndinalipo. Mbali yanga ndiinena mochedwa, mundipirire, ndi khalidwe langa.

1

Chaka chinali 1967. Ndinali mkamwini m'mudzi wa kwawo kwa Esteri, kumunsi kwa Likhubula, kwathu kuli ku Chiradzulu. Tinali ndi mwana mmodzi, Lettie. Ntchito yanga inali yosonkheza nkhuni m'ng'anjo youmitsira tiyi pa fakitale ya esiteti ina imene sindiitchula. Gitala ndinaiyamba ndili wamng'ono, ija ya chigubu. Koma chaka chimenecho msuweni wanga wobwera kuchokera ku Halale anandisiyira yamagetsi, yofiira, yong'aluka pang'ono pakhosi.

Gitala yamagetsi payokha ndi bubu. Ukaikhudza imangolira ngati udzudzu. Imafuna bokosi lokuzira mawu, lija amati ampulifaya, ndipo ku Mulanje konse amene akanandipangira anali mmodzi: Che Kasimu, wokonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku boma.

Che Kasimu anatenga wailesi yakufa yochokera ku Milanje, ya Apwitikizi, n'kuichotsa matumbo ena, ena n'kusiya. Patapita masabata atatu anandiitana. Kabokosiko kanali kakang'ono ngati dengu la tomato, kumbuyo kuli pululu, m'kati mukuoneka timababu titatu toimirira. Pulagi panalibe. Panali mawaya awiri okha, oti uwalowetse m'mabowo a magetsi pakhoma n'kukhomerera ndi timitengo ta machesi.

"Komweka?" ndinafunsa.

"Umafuna ndikupangire sitima?" anatero Che Kasimu. "Mphamvu yake sikwana mawatsi asanu. Babu la m'holo mwanumo likukaposa kakhumi. Koma kali ndi mawu, ukakadziwa."

Anandikhazika pa benchi n'kuyamba kupinda zala.

"Choyamba, ukayatsa usafulumire. Dikira timababuti tifiire ngati makala, ndiye uimbe. Chachiwiri, kumbuyoku usaphimbe ndi nsalu kakuyaka, kamapuma ngati munthu. Chachitatu..."

Anaika chitsulo chake chowotcherera pansi, n'kundiyang'ana m'maso. Chachitatucho anandiuza kawiri, nanenso anandibwerezetsa kawiri. Inu ndikuuzani nthawi yake ikafika.

2

Kumudzi kunalibe magetsi. Anali m'holo ya pa esiteti, mtunda wa mamailosi anayi, ndipo a kalaliki anatilola kuimbamo Loweruka lililonse masana. Ine ndinkakoleka gitala kumsana, Esteri n'kusenza kabokosi pamutu, atakakulunga m'chitenje kuopa chiperoni. Sanadandaulepo. Ankati n'kopepuka kuposa mtolo wa nkhuni, ndipo sikabaya.

Ndinali ndi anzanga awiri a ng'oma. Vuto linali lomwelo. Iwo akangoyamba, ine ndinkamira. Anthu ankaona dzanja langa likuyenda, koma mawu ayi. Ndiye ndinkakweza kabatani ka pa bokosi mpaka kumapeto, ka pa gitala mpaka kumapeto, n'kumamenya nsambo ndi kachidutswa ka chipeso ngati ndikuwaza nkhuni. Chotuluka chinali phokoso la nsalu yong'ambika.

"Elson, chule wakoyo wam'patsa madzi?" ankakuwa Wilson, mnzanga wa pa ng'anjo, munthu wa pakamwa posatseka. Holo yonse inkagwa nacho chiseko.

Ndinabwerera kwa Che Kasimu katatu kuti akawonjezere mphamvu.

"Mbuzi ndi mbuzi," anatero. "Ungaidyetse bwanji, siikoka ngolo."

Ndinayesa kukaika m'ndowa kuti mawu akule. Ndinayesa kukakweza pa tebulo, pawindo, pamwamba pa kabati. Ndinakangana ndi a ng'oma mpaka mmodzi ananyanyala mwezi wathunthu. Zaka ziwiri zinatha chomwecho. Pobwerera kumudzi ndinkayenda patsogolo, osalankhula, Esteri akubwera m'mbuyo ndi katundu wake.

"Lero nyimbo yachiwiri ija inamvekako, bambo a Lettie," ankatero.

"Unali pafupi ndi bokosi."

"Eya, ndinali pafupi. Koma inamveka."

3

Morris anabwera mu 1969 kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, kuthawa nkhondo ya kumeneko, n'kulembedwa yothyola tiyi. Anali wamtali, wofatsa, wopanda nsapato, ndipo Chichewa chake chinali cholemera ndi Chilomwe. Maloweruka atatu anangoima pakhomo la holo kumvetsera. Loweruka lachinayi tikupuma anandiyandikira, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndingaikhudzeko?"

Ndinam'patsa. Kunena zoona ndinkafuna Wilson aseke wina.

Morris anakhala pa benchi n'kupachika mapazi pa mtanda wake. Kabatani ka pa bokosi anakasiya kumapeto komwe ndinakasiya, koma ka pa gitala anakabweza mpaka pakati. Chipeso changa anachiika pambali. Kenaka anakhudza nsambo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati akudzutsa mwana.

Sindidziwa ndikufotokozereni bwanji. Mawu anatuluka ofunda, onenepa, oyera. Akakanikiza pang'ono, ankasasa ngati munthu amene akuimba misozi ili pakhosi; akafewetsa, ankayeranso. A ng'oma analowa, koma motsitsa, ndi nsonga za zala, chifukwa nawonso ankafuna kumva. Amayi ogulitsa nthochi pakhomo anasiya malonda. Kabokosi komweko, timababu tomweto, kanadzaza holo yonse popanda kukuwa.

Ndinacheuka. Esteri anali ataimirira, dzanja lili pakamwa, akulira. Inali nyimbo yachilomwe ya pamtondo, imene malemu mayi ake ankaimba.

Pobwerera analankhula ali m'mbuyo mwanga. "Kani kabokosi aka kamatha kulira chonchija?"

Sananene mwachipongwe. Ankangodabwa. Koma mawuwo anandilowa ngati minga ya m'chidendene.

Morris sanali wouma manja. Anayesetsa kundiphunzitsa.

"Achimwene, aka n'kamanyazi. Mukakakalipira kamatsamwa. Kapatseni mpata wonse uko, ndiye inu kuno muzilankhula motsitsa."

Ndinayesa. Mulungu ndi mboni, ndinayesa. Koma dzanja lozolowera kuponya zipika m'ng'anjo silinkamva. Ndikayamba mofewa, pofika pakati pa nyimbo ndinkapezeka ndikumenyanso, chule uja n'kudzuka. Anthu anayamba kufunsa pakhomo asanalowe: "Kodi lero aimba ndani?"

Esteri anayamba kunyamula nyemba za kalongonda m'kambale, zina zanga, zina za Morris, poti munthuyo analibe womuphikira. Ankacheza m'Chilomwe n'kumaseka. Ine Chilomwe ndinkangotolamo mawu awiri atatu, ngati nkhuku pa mphale.

Lamulungu lina masana tinali pa mowa wa masese, Wilson n'kuyamba zake.

"Elson, gitala yako yakwatiwa ndi Morris. Tsopano uyang'anire zotsalazo, zingatsatire."

Anthu anaseka. Ine mowa unali utafika m'maso.

"Zanga zonse n'zotchera," ndinatero mokweza. "Kwathu ku Chiradzulu sitisewera. Wondibera m'nyumba, gitala yomweyo idzam'gwira pamaso pa anthu."

Linali bodza la pa mowa. Mankhwala ndinalibe, ngakhale a mutu. Koma anthu khumi ndi awiri anamva, ndipo aliyense anali ndi mkazi kunyumba womufotokozera.

4

Mu Disembala mwana wamkazi wa a kapitawo ankakwatiwa, madyerero ali m'holo. A kapitawo anandipeza pa ng'anjo.

"Elson, tibwereke zipangizo zako Loweruka. Ubwere nazo, ulumikize bwinobwino."

"Ndiimbe nyimbo zingati, bwana?"

Anakanda m'mutu. "Aa, iwe upume. Ana akufuna Morris."

Ndinati chabwino. Ndikanati chiyani?

Loweruka mvula inagwa kuyambira m'mawa. Amayi anali atakolopa holo ndi madzi ambiri, ndipo anthu olowa ndi matope ankangowonjezera, moti simenti yonse inali yonyowa. Mabenchi onse anatengedwa ndi alendo. Morris anati palibe kanthu, aimba choimirira. Anali atabwereka malaya oyera, koma kumapazi kunali monga mwa masiku onse.

Ine ndinali m'majombo anga a ku fakitale. Ndinaika kabokosi pa tebulo, ndinalowetsa mawaya kukhoma, ndinakhomerera timitengo. Tinadikira timababu. Titafiira, ndinanyamula gitala pa lamba wake n'kum'koleka Morris m'khosi.

"Zikomo, achimwene," anatero, n'kumwetulira.

Anagwira nsambo ndi dzanja lamanzere.

Sanakuwe. Anangouma, maso ali tong'o, mano atalumana, thupi lonse likunjenjemera. Kabokosi kanabangula mawu oipa amene sindinawamvepo. Anthu ena anayamba kuseka, kuyesa ndi kavinidwe. Kenaka anagwa chagada, gitala ili pachifuwa, dzanja likadali pa nsambo, osatha kuisiya.

Aliyense anathawira kukhoma. Ine ndinaima pomwepo ngati chitsa.

Amene anathamanga ndi Esteri. Anadumpha benchi, anagwira mawaya n'kuwazula kukhoma. Kenaka anagwada m'madzimo, anaika mutu wa Morris pamiyendo pake, akumuitana m'Chilomwe, akum'pepesera ndi chitenje, akulira. Panamveka fungo la chikopa chopsa.

Morris anatsegula maso patapita nthawi. Holo inali zii. M'chetemo ndi mmene munamvekera mawu a mayi wina kumbuyo.

"Yam'gwira."

"Elson ananena," anayankha wina. "Ananena pa mowa paja."

"Taonani mmene wam'fungatira. Ndi mlendo ameneyo?"

Maso onse anachoka pa Morris n'kupita pa mkazi wanga. Kenaka anabwera kwa ine, kudikira. Mawu amodzi akanakwana. Ine ndinawerama n'kuyamba kukulunga mawaya.

5

Morris anagona masiku khumi kuchipatala cha mishoni. Nsambo zinamudya zala zitatu mpaka mkati.

Kumudzi nkhani inafika ife tisanafike. Esteri akapita kumtsinje, amayi ankanyamula zochapa zawo n'kusunthira kumtunda. Pa maliro ena anam'landa chikho, akuti manja ake asakhudze chakudya cha anthu. Kutchalitchi anamuuza kuti ayambe wakhala kumbuyo mpaka nkhani yake ioneke mutu. Lettie, wa zaka zisanu, anabwera tsiku lina kudzafunsa kuti hule n'chiyani.

Esteri sanasinthe kanthu. Madzi osamba ankanditengera, chakudya chinkafika pa nthawi yake. Koma m'mawa uliwonse ndikamavala majombo ankaima pakhomo.

"Bambo a Lettie, nenani mawu amodzi kwa anthuwa."

"Anthu aiwala okha."

"Inu mukukhulupirira kuti ndinachita?"

"Ine sindinanene choncho."

"Simunanene. Ndiye vuto lake limenelo, simunanene chilichonse."

Ndinkatuluka n'kumapita.

Pali china chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse. Loweruka lotsatira ndinapita ku holo, ndekha, kabokosi kali pa njinga yobwereka. Holo inadzaza kuposa kale lonse. Anthu anachokera mpaka ku Chitakale kudzaona gitala yogwira anthu. Ndinaimba moipa monga mwa nthawi zonse, chule yemwe uja, koma palibe anaseka. Wilson anandipatsa moni ndi manja awiri. A ng'oma ankaimba motsitsa, osati pofuna kumva, koma poopa. Zaka ziwiri ndinkafuna holo yachete yondimvera, ndipo ndinaipeza. Inkawawa ngati mankhwala a malungo, koma ndinkameza, Loweruka lililonse.

6

Sabata yachinayi, ndikuweruka, ndinapeza Che Kasimu pageti la fakitale atatsamira njinga yawo. Anandikokera pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Elson, chachitatu chija ndinati chiyani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Nena. Unabwereza kawiri pakhonde panga."

Ndinanena. Wailesi zakale zija zinali ndi chilema. Waya mmodzi mwa awiriwo amagundana ndi chitsulo chonse cha bokosi, ndipo chitsulocho chimalumikizana ndi nsambo za gitala. Pa waya ameneyo Che Kasimu anamangapo mfundo. Wa mfundoyo ankayenera kulowa bowo lamanzere nthawi zonse. Ukaulowetsa kumanja, kabokosi kamalira bwinobwino osasonyeza kanthu, koma moto wonse wa kukhoma umakhala uli pa nsambo, kudikira munthu woponda pansi. Wovala nsapato za mphira umangomutsina. Wopanda nsapato, pa simenti yonyowa, ukhoza kumupha.

"Ndiye palibe za mankhwala apa," anatero Che Kasimu. "Ndi magetsi. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa. Kapena unasokoneza, poti panali piringupiringu wa ukwati?"

"Ndinasokoneza," ndinayankha msanga.



"Chabwino. Munthu amasokoneza. Pita ukawauze anthu kuti unasokoneza, mwana wa eni ake ayere. Ine ndikanena, adzati Mchawa akuteteza katundu wake. Pakamwa pofunika ndi pako."

Anakwera njinga n'kumapita.

Owerenga, sindinasokoneze. Zaka ziwiri, Loweruka lililonse, chala changa chinkayamba chapapasa mfundo ija ndisanalowetse. Tsiku la ukwati ndinaipapasanso. Ndinaimva. Ndinailowetsa kumanja.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinkangofuna imutsine, aitaye gitala pansi, anthu amuseke kamodzi kokha monga ankandisekera ine. Mwina n'zoona. Koma simenti yonyowa ndinaiona. Mapazi ake ndinawaona. Za mawu anga a pa mowa, ndikulumbira, sindinaziganizire mpaka mayi uja atati yam'gwira. Pamenepo ndinaona kuti bodza langa landitsegulira khomo lothawira, ndipo pakhomopo panagona mkazi wanga. Ndinam'ponda n'kudutsa.

Ngakhale la kusokonezalo sindinakanene. Ndinkaopa kuti wina adzafunsa kuti munthu wosasokoneza zaka ziwiri anasokoneza bwanji tsiku limene anamulanda nyimbo.

7

Sabata yachisanu ndi chimodzi a Pilato, malume ake a Esteri amenenso anali nkhoswe yake, anaitanitsa nkhani. Tinakhala m'mawa pabwalo la nyumba yawo. Kumbali yanga kunali msuweni wanga uja. Morris anakhala payekha pa mwala, dzanja lili m'nsalu. Anthu ena ngati makumi awiri anaima cha kumpanda.

A Pilato anali munthu wosazungulira.

"Akamwini, funso ndi limodzi. Munatchera kapena simunatchere? Ngati munatchera ndipo yagwira mwini wake, ndiye kuti mwana wathu watichititsa manyazi, ife tigwada pamaso panu. Ngati simunatchere, nenani, timuchotse mwanayu m'kamwa mwa anthu."

Ndinayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi langa.

"Zimene anthu anaona, anaona," ndinatero. "Ine sindiwonjezerapo."

Kumpanda kunamveka kung'ung'udza. A Pilato anagwetsa mutu. Ndipo Esteri, amene anakhala pa mphasa, anagwada.

"Malume, ndifunseko kamodzi."

"Funsa."

Anatembenukira kwa ine. Mawu ake anali ofatsa ngati akufunsa za mbewu.

"Bambo a Lettie, kabokosi kaja ndakasenza zaka ziwiri. Loweruka lililonse ndinkakhala pafupi, n'kumaona mukupapasa waya wa mfundo, n'kuulowetsa kumanzere, mbali ya kuwindo. Chifukwa chake simunandiuze, inenso sindinafunse. Tsiku lija amene anazula mawaya ndine. Tandiuzani pamaso pa malume, mfundo inali mbali iti?"



"Che Kasimu sanangobwera mwa iwo okha kugeti kuja," anapitiriza. "Ndinayenda wapansi mpaka ku boma kukawafunsa ntchito ya mfundoyo. Anandiuza. Anandiuzanso kuti ngati munachita dala, ndi nkhani ya apolisi. Ndinawapempha kuti akupatseni njira, mungonena kuti munasokoneza. Ndinakhala chete kuti Lettie asakhale mwana wa mkaidi. Ndinkati mwamuna wanga anena yekha, mawa anena. Lero malume akufunsani poyera, ndipo mwandisiyanso m'madzi."

Ankadziwa. Masiku onse aja ankaima pakhomo, akundipatsa chakudya, akutukwanidwa kumtsinje, ankadziwa.

Ndinanena zonse. Sindikumbuka ndinayambira pati. Ndikukumbuka kuti msuweni wanga anasuntha mpando wake kutalikirana nane, ndipo a Pilato anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"A Morris," anatero a Pilato, "mlandu ndi wanu. Mukafuna ku polisi, ine ndikuperekezani."

Morris anapukusa mutu. "Apolisi ayamba afunsa mapepala anga, bambo. Ndilibe." Kenaka anandiyang'ana, mopanda ukali, ngati munthu amene sakumvetsa. "Achimwene, gitala inali yanu. Mukanangoti usaikhudzenso, ine ndikanasiya."

Ndikanakonda akanandimenya.

Esteri analowa m'nyumba mwathu, imene inali pafupi pomwepo. Anatuluka ndi bulangete langa, malaya awiri ndi khasu, n'kuziika patsogolo panga. Kwa mkamwini, zimenezo sizifuna womasulira.

"Sindikukuchotsani chifukwa cha waya," anatero. "Mtima umathawa munthu kamphindi, ndikanakhululuka. Koma masabata asanu ndi limodzi munkadzuka m'mawa uliwonse, mutagona bwino, n'kusankhanso."

Ndinanyamula. Kabokosi ndi gitala a Pilato anakazibweza kwa Che Kasimu, ndipo sindinafunse kuti zinathera kuti.

8

Morris zala ziwiri sizinawongokenso. Tiyi ankathyola ndi dzanja limodzi mpaka anamuchotsa, ndipo ndinamva kuti anabwerera kwawo nkhondo isanathe. Sindidziwa ngati anafika.

Mwina mukuganiza kuti nditaulula, dzina la Esteri linayera. Nanenso ndinkayesa choncho. Koma pa ukwati paja panali anthu mazana atatu, pabwalo la a Pilato makumi awiri. Ndinayenda ndekha m'misika, pa Likhubula, pa Chitakale, ku boma, kuuza aliyense wondimvera za waya ndi mfundo. Ankagwedeza mutu mwaulemu. Ndikatembenuka ankati, "Akum'bisira mkazi, nanga mwini mankhwala angavomere?" Wilson weniweniyo anandiuza kuti ndisadzivute, iye anaona ndi maso ake. Nkhani ya gitala yogwira chigololo inali yokoma kukamba. Ya waya wolowa bowo lolakwika inalibe mchere.

Esteri sanakwatiwenso. Analera Lettie yekha, anamuphunzitsa mpaka anakhala namwino, ndipo sanandiletse kumuona mwanayo. Tikakumana panjira ankandipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka. Anamwalira mu 1998. Pa maliro ake ndinakhala kumbuyo, ndipo amayi awiri patsogolo panga, amene pa nthawi ya ukwati uja anali asanabadwe, ankanong'onezana kuti gogoyu pa utsikana wake anagwidwapo ndi gitala. Ndinawagwira paphewa n'kuwauza kuti si zoona, kuti wolakwa ndi ine. Anandiyang'ana ngati nkhalamba yosokonezeka, n'kusunthira kutsogolo.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, sindikuphunzitsani za nsanje, mukuidziwa kale. Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti choipa chochitika kamphindi chimakhala ndi malire, koma kukhala chete kulibe. Tsiku loyamba, m'holo muja, mawu anga akanazimitsa zonse. Patatha sabata akanazimitsa theka. Pamene ndinkatsegula pakamwa, nkhani inali isalinso yanga, inali ya anthu, ndipo anthu sabweza. Ngati pali munthu amene akusenza dzina loipa limene inu mungamutule ndi mawu amodzi, musadikire kuti mupeze kaye poyambira pabwino. Palibe.

Ndapempha akonzi kuti mayina asasinthe. Magaziniyi imafika ku Mulanje, ndipo zolembedwa anthu amazikhulupirira kuposa nkhalamba ya mumsika. Wina awerengere mokweza amene satha kuwerenga. Esteri, mdzukulu wa m'banja la a Pilato, mayi wa Lettie, sanagonepo ndi Morris. Anangothamanga pamene tonse tinaima.